Kuphatikiza P(Q) ndi S(Q) mu SasView osataya masabata awiri ngati ine

Anzanga amene mwangolandira mafayilo a SAXS kapena SANS (miyeso yoonetsa mmene ma X-ray kapena ma neutron amamwazikira akagunda tinthu ting'onoting'ono ta mu sampulo) kuchokera kwa anzathu akunja, ndiye ba supervisor akungoti "ingopangani fit chabe, si zovuta", bwerani pafupi tikambirane. Ine chinthu ichi chinandidyera masabata awiri athunthu, nthawi ija magetsi ankabwera pakati pa usiku, munthu uli pa laputopu 02 hours maso ali psuu, girafu ikuoneka yokongola koma manambala ake abodza okhaokha. Vuto silinali data, silinalinso pulogalamu, linali ine kusadziwa kuti ukangosankha structure factor mu SasView, pulogalamu yofananitsira data imeneyi ndi ma model (ndiko kupanga fit), tanthauzo la ma parameter ena limasintha mwakachetechete.

Kuno ku Zambia tilibe synchrotron, makina aakulu otulutsa ma X-ray amphamvu, ndipo mu Africa monse mulibe, nkhani ya African Light Source inakambidwa pa msonkhano wa 2015 ku Grenoble koma makinawo sanamangidwe. Ndiye ma sampulo athu amakwera ndege kupita ku ESRF kapena ILL ku Grenoble komweko, kapena ku Diamond ndi ISIS ku UK, ife timatsala ndi ntchito yowerenga zomwe zabwera. Mwayi wake SasView ndi yaulere, imayenda pa Windows, Mac ndi Linux, ukaikopera kamodzi ndi bando ya usiku basi, siifunanso intaneti. Zomwe ndikunena pano ndi za version 5 ndi 6.

Ine nkhaniyi ndinaimvetsa bwino ndili mu minibasi pa Kulima Tower. P(Q), yomwe amati form factor, ndi nkhani ya munthu mmodzi payekha, kaya ndi wamtali, wamfupi, wonenepa kapena woonda. Kwa tinthu tathuti ndiye kuti ndi kampira, kandodo, kapena kampira kovala chikopa kunja. S(Q), structure factor, ndi nkhani ya mmene anthuwo akhalira m'basimo. Basi ikakhala ndi anthu atatu chabe aliyense amakhala pomwe wafuna, palibe dongosolo, S(Q) imangokhala 1 paliponse ndipo zomwe mukuona pa girafu ndi P(Q) yokha. Koma ba kondakitala akayamba zija za "four four, senderani uko", mtunda wa pakati pa munthu ndi mnzake umayamba kufanana mpando uliwonse, ndipo kufanana kumeneko ma X-ray kapena ma neutron amakuona. Girafu imagwa kumbali ya Q yaing'ono (Q ndi nambala ya m'munsi mwa girafu, imakula ngodya yomwazikira ikamakula), kenako pamatuluka kaphiri pafupi ndi Q = 2π/d, pomwe d ndi mtunda wa pakati pa tinthuto.

Masamu ake SasView imawapanga chonchi: I(Q) = scale × volfraction × V × Δρ² × P(Q) × S(Q) + background. I(Q) ndi kutalika kwa girafu, volfraction ndi gawo la voliyumu ya sampulo lomwe tinthuto tatenga, V ndi voliyumu ya kanthu kamodzi, Δρ ndi kusiyana kwa SLD (scattering length density, mphamvu yomwazira ma X-ray kapena ma neutron) ya kanthuko ndi ya madzi omwe kalimo. Yang'anitsitsani pamene pali scale ndi volfraction, tibwererapo chifukwa ndi pomwe ndinagwera ine.

Musayambe ndi sampulo yothinana

Ichi ndiye chachikulu, ndipo chimayamba ma sampulo asanachoke ku Lusaka. Konzani mabotolo angapo a chinthu chimodzi chomwecho, lina lothinana, lina mwalisungunula pang'ono, lina mwalisungunula kwambiri mpaka kuoneka ngati madzi chabe. Lomalizalo ndi limene likupatseni P(Q). Mukatumiza lothinana lokha ndiye kuti mukufuna kompyuta ikuuzeni kukula kwa anthu ndi kakhalidwe kawo kuchokera pa chithunzi chimodzi cha basi yodzaza, ndipo idzakuuzani ndithu, koma mayankho adzakhala atatu kapena anayi onse ooneka ngati oona.

Kusungunula kokwanira ndi kotani? Kwa timipira tolimba topanda chaji pali kafomula kabwino, S(0) = (1−φ)⁴/(1+2φ)². Apa φ ndi volfraction ija. Ikani φ = 0.01 mupeza 0.92, ndiye ngakhale pa 1 peresenti girafu yatsika kale ndi 8 peresenti kumbali ya Q yaing'ono. Pa 0.1 ndi 0.46, pa 0.2 ndi 0.21, pa 0.3 yafika 0.09. Koma ngati tinthu tanu tili ndi chaji ndipo m'madzimo mulibe mchere, ngakhale pansi pa 1 peresenti kaphiri kaja kamatha kuonekabe, ndiye pamenepo anthu amathira kamchere pang'ono mu sampulo yosungunulayo kuti tinthu tisiye kuonana patali.

Manje tsegulani fayilo ya sampulo yosungunulayo ndi Load Data, dinani Send data to Fitting, pa Category sankhani Sphere, pa Model name sankhani sphere, ndipo bokosi lachitatu la Structure factor lisiyeni pa None. Musanadine Fit onani kaye mayunitsi a Q. SasView imayembekeza 1/Å, koma mafayilo ambiri a SAXS amabwera mu 1/nm (1 nm ndi 10 Å), ndipo mukaiwala zimenezi radius yanu idzalakwika kakhumi ndendende. Tsegulani fayiloyo mu Notepad muwerenge mizere yapamwamba, ndi mphindi imodzi chabe.

Ma SLD musawasiye kuti kompyuta iwasake. Pa Tools pali SLD Calculator, mumalemba fomula ya chinthucho ndi density yake. Kwa ma neutron D2O ili pafupifupi 6.36, H2O ili −0.56, silica ili cha pa 3.47, zonse mu mayunitsi a 10⁻⁶/Å². Kwa ma X-ray manambala ndi ena, madzi ali cha pa 9.4 ndipo silica cha pa 19. Lembani m'mabokosi ake, osachonga. Chifukwa chake nchosavuta, Δρ² ndi scale zimangochulukitsana, mukamasula zonse ziwiri kompyuta ilibe njira yodziwira kuti chakwera ndi chiti.

Radius yoyambira mutha kuiona ndi maso. Kampira kamakhala ndi dzenje loyamba pa girafu pomwe Q kuchulukitsa radius ndi 4.49, ndiye ngati dzenje lili pa Q = 0.045 ndiye kuti radius ndi cha pa 100 Å. Dzenjelo pa data yeniyeni silikhala lakuya ngati la pa model, ndipo zinthu zomwe zimalikwirira ndi ziwiri. Choyamba tinthuto sitofanana kukula, apa mumachonga Polydispersity nkupita pa tabu yake kuika PD ratio monga 0.1, distribution kaya gaussian, schulz kapena lognormal. Chachiwiri ndi makinawo, makamaka a SANS pomwe wavelength imamwazika mwina ndi 10 peresenti. Ngati fayilo yanu ili ndi kolamu yachinayi ya dQ, kumwazika kwa Q kochokera ku makina, pa tabu ya Resolution sankhani kuti igwiritse ntchito dQ ya mu data. Mukapanda kutero polydispersity idzanyamula mlandu wa makina nkutuluka yaikulu kuposa mmene ilili.

Fit ikakhala bwino lembani radius ndi PD papepala. Ndikunenadi papepala, mu hard cover mwanu muja.

Manje tiike S(Q)

Tumizani data ya sampulo yothinana ku tsamba latsopano la fit, sankhani sphere yomweyo, lembani radius, PD ndi ma SLD a papepala aja osawachonga, kenako pa Structure factor sankhani hardsphere. Model yanu tsopano ikutchedwa sphere@hardsphere, ndipo pansi patuluka ma parameter atsopano: radius_effective, volfraction, radius_effective_mode ndi structure_factor_mode.

Apa ndiye pa dzenje langa. Mukamagwiritsa sphere yokha popanda S(Q), ndipo data ili pa absolute scale, kutanthauza kuti inalinganizidwa ndi standard nkukhala mu 1/cm, scale ndiye volume fraction. Sampulo yanga yosungunula inandipatsa scale ya cha pa 0.01, ndinasangalala chifukwa ndi zomwe ndinasakaniza. Ndiye popita ku yothinana ndinaganiza mwanzeru zanga kuti ndiike scale ya 0.1, volfraction nayonso 0.1. Osadziwa kuti ukangoika @ volfraction ndi imene yatenga ntchito imene ija, ndipo ine ndawerengera kawiri, 0.1 kuchulukitsa 0.1. Model inali pansi kakhumi kuyerekeza ndi data. M'malo moima nkuganiza ndinangochonga mabokosi onse, scale, volfraction, radius, sld, nkudina Fit. Mzere unadutsa bwinobwino pamadontho, koma volfraction inathawira pa nambala yoti timipira tikanakhala titaumirira ngati miyala, pomwe sampulo yanga inkatsanulika ngati madzi a mpunga. Timipira tolimba timayamba kupanga makristo pa 0.494, ndipo ngakhale mutatipanikiza chisawawa bwanji sitipitirira cha pa 0.64. Ba supervisor atangoona anandifunsa funso limodzi chabe, ati "iwe, unayeza zingati pa sikelo?" Ndinangoti zii.

Lamulo lake nali. Ngati data ili pa absolute scale ndipo ma SLD mukuwadziwa, scale ikhale 1 osaichonga, volfraction ndiyo igwire ntchito zonse ziwiri, kutalika kwa girafu ndi maonekedwe a S(Q). Ngati data siili pa absolute scale, mwina anzathu sanayeze madzi kapena glassy carbon ngati standard, ndiye scale imasuleni koma dziwani kuti nambala yakeyo ilibe tanthauzo lililonse, ndipo volfraction ikungochokera ku maonekedwe a kaphiri kaja basi. Pa sampulo yosathinana kwenikweni kaphiri kamakhala kofooka, ndiye scale ndi volfraction zimangokokana ngati ana awiri pa bulangeti limodzi mu June, bola volfraction muilembe nokha kuchokera pa zomwe munayeza.

Pozilemba samalani, zomwe munayeza pa sikelo ndi kulemera, pomwe SasView ikufuna voliyumu. Silica ili ndi density ya cha pa 2.2, ndiye magalamu 20 a silica mu magalamu 80 a madzi si 0.2 ayi. Gawani 20 ndi 2.2 mupeza 9.1, madzi ndi 80, ndiye 9.1 kugawa ndi 89.1 ndi 0.10. Ngati madzi ake ndi D2O kumbukirani kuti iyo ndi yolemerako, density yake ndi 1.1.

Ine masiku ano ndisanadine Fit ndimayamba ndi kakyuleta ya pa foni. Titenge silica ya radius 100 Å mu D2O pa φ = 0.1. Voliyumu ndi 4.19 miliyoni Å³, Δρ ndi 6.36 kuchotsa 3.47 yomwe ndi 2.89, sikweya yake 8.35. Chulukitsani 0.1 × 4.19 miliyoni × 8.35 × 0.0001, nambala yomalizayi ndi yongosinthira mayunitsi kupita ku 1/cm, mupeza cha pa 350. Imeneyo ndi popanda S(Q). Chulukitsani ndi 0.46 ija mupeza cha pa 160. Data yanu ikakhala cha pamenepo kumbali ya Q yaing'ono ndiye kuti muli panjira. Ikakhala 16 kapena 1600, siyani Fit, pali china chalakwika pa mayunitsi, pa SLD kapena pa scale.

Radius_effective si radius

Tibwerere m'basi muja. Akwera mayi wochepa thupi kuchokera ku Soweto Market, koma anyamula dengu la tomato pamiyendo ndi thumba la kapenta pambali. Mukawajambula nkhope ndi thupi ndi ochepa, koma malo omwe atenga pampando ndi a anthu awiri. Thupi lawo ndi radius ya mu P(Q), malo omwe atenga ndi radius_effective ya mu S(Q). Tinthu tambiri tili chonchi, tili ndi polymer kapena surfactant kunja yomwe ma X-ray sakuiona bwino chifukwa SLD yake yayandikana ndi ya madzi, koma kanthu kena sikangalowe pamenepo.

Radius_effective_mode ndi imene imanena komwe nambalayi ichokere. Mukaiika pa unconstrained ndiye kuti radius_effective ili payokha, mutha kuilemba kapena kuipanga fit. Mukasankha zinazo SasView imaiwerengera yokha kuchokera ku P(Q), ndipo chilichonse mungalembe m'bokosi la radius_effective sichigwira ntchito, ambiri amadabwa apa kuti bwanji ndikusintha nambala koma mzere sukusuntha. Kwa sphere pali radius basi. Kwa core_shell_sphere pali outer radius ndi core radius, ndipo kawirikawiri mukufuna yakunja. Kwa ellipsoid pali average curvature, equivalent volume sphere, min radius ndi max radius. Kwa cylinder ndiye zilipo zambiri, excluded volume, equivalent volume sphere, radius, half length, half diagonal ndi zina.

Langizo langa ndi loti muyambe mutaimangirira ku P(Q), muone ngati kaphiri ka model kali pamalo amodzi ndi ka data. Ngati ka data kali kumanzere, ku Q yaing'ono, ndiye kuti tinthu tikutalikirana kuposa kukula kwake, pamenepo ndi pomwe mumasule. Koma mukamasula pali kanthu kena koti mudziwe, ndipo ine palibe anandiuza. Volfraction ndi imodzi chabe mu model, koma tsopano ikuyenera kuimira zinthu ziwiri zosiyana. Radius ikakhala 100 ndipo radius_effective 120, voliyumu ya malo otengedwa ndi yaikulu ndi 1.2 × 1.2 × 1.2, yomwe ndi 1.73. Ndiye S(Q) ikufuna volfraction ya 0.173 pomwe silica yeniyeni ndi 0.10. Njira yake ndi kulola volfraction ikhale ya S(Q), kenako scale itsike kufika cha pa 0.58, kuti zikachulukitsana zibwerere pa 0.10. Ndiye lamulo lija loti scale ikhale 1 apa lathyoka, koma lathyoka ndi chifukwa, ndipo mutha kuyesa ngati scale yomwe yatuluka ikugwirizana ndi radius kugawa ndi radius_effective, yankho lake nkulichulukitsa lokha katatu. Zikasemphana kwambiri ndiye kuti nkhani yomwe mukudziuza ya chikopa chosaoneka ija mwina si yoona.

Za cylinder ndinene mosabisa. Ma structure factor onse omwe ali mu bokosi lija anapangidwira timipira. Kandodo kakafupi, kotalika mwina kawiri kapena katatu kunenepa kwake, mutha kukanamizira kuti ndi kampira zinthu nkuyenda. Koma ndodo zazitali zikathinana zimayamba kugona mbali imodzi ngati nzimbe pa wilibala, ndipo palibe radius_effective yomwe ingakonze zimenezo, fit ingaoneke bwino koma nambala zake musazikhulupirire kwambiri.

Kusankha S(Q) yoyenera

Musasankhe poona kuti ndi iti yapereka chi² yaing'ono (nambala yoonetsa kutalikirana kwa model ndi data), sankhani poona chemistry ya sampulo yanu ndi zomwe data ikuchita. Gawani girafu iliyonse ndi concentration yake muziike pamodzi. Kumbali ya Q yaikulu ziyenera kugona pamzere umodzi chifukwa kumeneko S(Q) yabwerera pa 1. Kumbali ya Q yaing'ono, yothinana ikagwa pansi ndiye kuti tinthu tikukankhana, ikakwera m'mwamba ndiye kuti tikukokana kapena tayamba kuundana.

Hardsphere ndi ya tinthu tomwe timangogundana basi, imachokera pa njira ya Percus ndi Yevick ya 1958 yomwe Wertheim ndi Thiele anaipezera yankho mu 1963. Ili ndi ma parameter awiri chabe, ndi chifukwa chake ndimayambira pomwepo nthawi zonse. Ikapitirira volfraction ya cha pa 0.4 imayamba kulakwitsa kutalika kwa kaphiri.

Hayter_msa ndi ya tinthu tachaji, ya Hayter ndi Penfold mu 1981, ndipo Hansen ndi Hayter anaikonzanso mu 1982 kuti izigwira pa ma sampulo osungunuka. M'basi muja ndiye munthu wanyamula nsomba zosauma bwino, palibe akumugunda koma aliyense wasiya mpata. Iyi ndi imene anthu amaigwiritsa molakwika kwambiri chifukwa imabwera ndi manambala ake kale, temperature ili pa 318.16 ndi dielectconst pa 71.08, zomwe ndi za madzi ofunda cha pa 45 digiri. Ngati munayeza pa 25 digiri lembani 298 ndi 78, kenako concentration_salt mu molar, ndipo zitatuzi musazichonge. Mcherewo ndi umene umanena kuti chaji ifika patali bwanji: Debye length mu nm ndi 0.304 kugawa ndi square root ya concentration kwa mchere ngati NaCl, ndiye pa 10 mM ndi cha pa 3 nm, pa 100 mM ndi pafupifupi 1 nm. Chomwe mungapange fit ndi charge, ndipo yomwe ituluke ndi chaji yomwe tinthu tinzake tikuimva, kawirikawiri yochepa kuposa yomwe mungawerenge pa chemistry chifukwa ma ion ena amamatirira pakhungu. Musaike charge pa 0, ngati mulibe chaji bwererani ku hardsphere.

Kwa tinthu tokokana pali squarewell ndi stickyhardsphere. Squarewell imadalirika pokhapokha welldepth, mphamvu ya kukokanako, ili pansi pa 1.5 kT ndi volfraction pansi pa 0.08, kupitirira apo imatha kukupatsani zamisala. Stickyhardsphere ndi ya maganizo a Baxter a 1968, ili ndi perturb ndi stickiness. Perturb isiyeni pakati pa 0.01 ndi 0.1 osaichonga, ndipo dziwani kuti stickiness imayenda chobwerera, nambala ikachepa ndiye kuti zomata zachuluka. Koma girafu ikangokwera osaima kumbali ya Q yaing'ono ngati msewu wa ku Manenekela, imeneyo si ntchito ya stickyhardsphere, sampulo yanu inaundana mwina m'njira muja, ndipo ndi bwino kunena choncho kusiyana ndi kuikakamiza model.

Nkhani ya beta

Structure_factor_mode ili ndi zosankha ziwiri. Choyamba ndi P*S wamba, chomwe ndi choona ndendende pokhapokha timipira tonse tili tofanana kukula. Chachiwiri ndi chomwe amati beta kapena decoupling approximation, cha Kotlarchyk ndi Chen mu 1983, pomwe S(Q) imalowedwa m'malo ndi 1 + β(Q) × (S(Q) − 1). Beta imeneyi ndi sikweya ya avareji ya amplitude kugawa ndi avareji ya sikweya yake, ndipo imakhala pakati pa 0 ndi 1. Timipira tikafanana tonse beta ndi 1 ndiye palibe chasintha. Tikasiyana kukula, kapena tikakhala ngati mazira otembenukira uku ndi uku, beta imatsika ndipo imafewetsa S(Q), kaphiri kamafupika, ndipo kugwa kwa ku Q yaing'ono kuja kumachepa.

Ndiye ngati mwayatsa polydispersity kapena model yanu ndi ellipsoid kapena cylinder, yesani zonse ziwiri muone kusiyana kwa volfraction ndi radius_effective. Kusiyanako kukakhala kochepa gonani tulo. Kukakhala kwakukulu ndiye kuti yankho lanu likudalira approximation osati data, ndipo zimenezo muyenera kuzilemba. Beta imaganiza kuti kukula kwa kanthu sikukhudzana ndi pomwe kakhala, zomwe m'basi yodzaza tonse tikudziwa kuti si zoona, wonenepa amakankhira anzake kutali kuposa woonda. Ndiye imagwira bwino polydispersity ikakhala yochepa ndipo sampulo isanathinane kwambiri. Pa PD yaikulu anthu amapita ku SASfit, pulogalamu ina yaulere ya ku PSI ku Switzerland, yomwe ili ndi njira zambiri kuphatikizapo local monodisperse approximation ya Pedersen ya 1994. Mukapanda kuona structure_factor_mode pa model ina musadabwe, si ma model onse omwe amawerengera amplitude payokha.

Kwa inu a ma vesicle ndi tinthu tina tamphako, model ya vesicle ili kale ndi volfraction yake ndipo imatanthauza voliyumu ya chikopa chokha, lipid yomwe munayeza ija, osati mpira wonse ndi madzi a m'kati. SasView imachulukitsa yokha popereka ku S(Q), ndiye musaikweze nokha.

Chinthu china chomwe ndaona anzanga awiri akuchita, pa menyu ya Fitting pali Add/Multiply Models, ndiye munthu amaganiza kuti popeza ndi P kuchulukitsa S angopanga plugin ya sphere * hardsphere. Mzere utuluka, koma ma model awiriwo sakulankhulana, radius_effective siimangiririka ku radius, volfraction siilowa pa kutalika kwa girafu, beta kulibe. Gwiritsani bokosi lachitatu lija. Amene mumakonda Python, mu sasmodels ndi chimodzimodzi, pa load_model mumalemba dzina lokhala ndi @ monga "ellipsoid@hayter_msa", osati nyenyezi.

Dongosolo lomasulira ma parameter ndimachita chonchi: background kaye kuchokera ku Q yaikulu, kenako volfraction yokha, kenako charge kapena radius_effective, ndipo radius ndi PD ndimazimasula pomaliza penipeni kungoona ngati zikuthawa pomwe sampulo yosungunula inaziika. Zikasuntha pang'ono palibe vuto. Zikathawa ndiye pali ziwiri, kapena S(Q) yomwe mwasankha si yoyenera ndiye radius ikuyesa kubisa, kapena tinthuto tasinthadi. Ma micelle, timagulu ta surfactant, amatero, amakula kapena kutalika concentration ikakwera, ndiye kwa iwo P(Q) ya sampulo yosungunula ndi poyambira chabe. Ngati tinthu tanu ndi tolimba ngati silica, njira yamphamvu kwambiri ndi Constrained or Simultaneous Fit, ma concentration onse nthawi imodzi, radius ndi PD zomangiriridwa pamodzi, volfraction iliyonse payokha.

Fit ikatha musangoyang'ana mzere wa pamwamba. SasView imatulutsanso P(Q) ndi S(Q) padera mu Data Explorer, ndipo mukayatsa beta mumaonanso beta(Q) ndi S_eff(Q). Jambulani S(Q) pa linear scale. Iyenera kumaliza ikugwedezeka mozungulira 1, isatsike pansi pa 0, ndipo kaphiri kake koyamba kakayandikira 2.85 ndiye kuti model ikunena kuti sampulo yatsala pang'ono kuuma kukhala kristo, dzifunseni ngati m'botolo munalidi choncho. Mutha kuiyerekezanso ndi S(Q) yochokera pa data yokha, pa Tools pali Data Operation, gawani yothinana ndi yosungunula mutachotsa background ndi kulinganiza ma concentration. Pafupi ndi dzenje la P(Q) idzachita phokoso chifukwa mukugawa ndi nambala yaing'ono, koma kaphiri koyamba kamaoneka bwino. Onaninso ma residual, kusiyana kwa data ndi model pa dontho lililonse, akamapanga mafunde pamalo a kaphiri pomwe kwina kuli bata ndiye kuti vuto lili ku S(Q), akamapanga mafunde pa dzenje ndiye kuti ndi PD kapena resolution.

Fit ya masiku onse imayenda ndi Levenberg-Marquardt, ndi yachangu koma imangogwera m'dzenje lapafupi ndi pomwe mwaiyambitsira, ndiye sinthani manambala oyambira kawiri katatu muone ngati ikubwerera pamodzimodzi. Pomaliza pitani pa Fit Algorithms musankhe DREAM, iyo imakupatsani zithunzi zoonetsa ma parameter omwe akukokana, mukaona kamzere kopendekeka pakati pa charge ndi volfraction ndiye kuti data yanu siingathe kuzilekanitsa ndipo chimodzi muyenera kuchipeza kwina. DREAM ndi polydispersity pa cylinder imadya nthawi ndi batire koopsa, ine ndimaiyambitsa magetsi akangobwera, nditasunga kale project, ndipo Npts ya PD ndimaitsitsa kaye poyesera nkuikwezanso pa fit yomaliza.

Polemba thesis kapena pepala musangoti tinagwiritsa sphere ndi hardsphere. Lembani version ya SasView, radius_effective_mode yomwe munasankha, ngati beta inali yoyatsa, ndi ma parameter omwe munawamanga. Mu version 4 munalibe mabokosi awiri a mode aja, pulogalamu inkadzisankhira yokha radius_effective, ndiye mukalandira manambala akale kwa munthu amene anamaliza zaka zapitazo nkupeza kuti sakugwirizana ndi anu pa cylinder kapena ellipsoid, yambani mwasinthasintha radius_effective_mode muone ngati pali ina yomwe ikubweza manambala akewo musanamulembere meseji yoti analakwitsa.